Mwala wanu wafika ku Vubwi

Amayi, kwacha bwanji kumeneko? Ife kuno ku Katete tilipo, kungoti dzuwa latiwamba mpaka nkhuku zikuyenda kukamwa kuli yasa. Mdzukulu wanu Esinati anachira, ndi mwana wamkazi, ndipo chipumi ndi chanu chomwe chija. Chimanga chaka chino chinatinyenga, koma mtedza unabereka. Ine ndikuphunzitsabe pasukulu yomwe ija. Ndakhala pansi kuti ndikuuzeni za mwala wa pamanda anu, chifukwa pali mbali ina imene ndiyenera kuulula ndekha alongo anga aDailesi asanandinenere.

Papita zaka zitatu chikuikireni kumudzi kwanu ku Vubwi. Thabwa limene tinalembapo dzina lanu linadyedwa ndi chiswe, mtumbira nawo unatitimira. Titapita kukalambula mvula itatha, ine ndi aDailesi tinaima pakati pa mitumbira iwiri osadziwa kuti wanu ndi uti. Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sindingathe kuwalemba. Anatilozera ndi atsibweni aLufeyo, ndipo anachita kupapasa mitengo, pakuti maso awo akutha. Potuluka kumanda anati, “Ine ndikatsinzina, mudzafunsa yani?” Pamenepo tinagwirizana kuti mwala ufike mvula ina isanagwe.

Tinaupangitsa kuno ku Katete, wakuda, wolemera moti amuna anayi amaunyamula akubuula. Eni malole onse anakana njira ya kwanu. Inatsala galimoto ya atate ija, imene inu munkaitcha mkazi mnzanu. Ndimasekabe ndikakumbukira Loweruka lililonse atate ali pansi pake, miyendo yokha ikuoneka, inu n’kuika kapu pafupi ndi mapazi awo: “Mukatha kucheza ndi akazi anu aang’onowo, tiyi ali apa.” Komatu pamatope munkatsika ndinu, mutakwinya chitenje, kukatembenuza mahabu a kutsogolo kuti matayala onse anayi akoke. Atate atamwalira munandiuza kuti, “Usaisunge ngati chithunzi. Galimoto yongokhala imadwala ngati munthu.”

Mawu amenewo ndimawatsata. Ndisanalize injini ndimaona oilo ndi madzi. Mwezi ndi mwezi ndimalowa pansi kukapopera girizi m’majoini, ndipo sefa ya mpweya ndimaikuntha fumbi. Chaka chino ndasintha mapaipi a mabuleki, ndawotcheretsa lediyeta imene inkadontha, ndaikanso magetsi atsopano kutsogolo chifukwa akale ankawala ngati koloboyi. Chitseko chakumbuyo chokha n’chimene chandikanika, timachimangabe ndi mphira.

Chimene chinkandidetsa nkhawa ndi masipuling’i akumbuyo, zitsulo zosanjikiza zija, chifukwa anali atagona. Ndinapita ku Sinda kwa aSakala, makaniko amene ankathandiza atate. Tsitsi lawo layera tsopano koma pakamwa mpomwe paja. Atasuzumira pansi anati tingowapinda bwino, tisinthe mabushi a mphira ndi mashoko oletsa kudumpha, basi. Ine ndinaumirira kuti awonjezere zitsulo ziwiri mbali iliyonse.

“Aphunzitsi, mukunyamula mwala umodzi kapena phiri la Mphangwe?” anandifunsa. “Iuma ngati ngolo iyi.”

Ndinawayankha kuti katundu wake ndikumudziwa ndine. Anapukuta manja, n’kunena kuti, “Chabwino, choko ndi chanu, sipanala ndi yanga, koma galimoto ndi yanunso.” Anaika. Galimoto inatukuka kumbuyo, ndipo pobwerera ku Katete anthu ankaicheukira. Ndisakunamizeni, Amayi, ndinadzimva.

Tinanyamuka Loweruka m’mawa, ine ndi aDailesi. Mwala tinaugoneka pa bulangete limodzi n’kuumanga ndi chingwe, pambali pake matumba awiri a simenti. Pa tala zonse zinali bwino. Titapitirira Chadiza, msewu unayamba mizeremizere ngati malata, ndipo galimoto inayamba kudumpha ngati mwana wa mbuzi. Katunduyo anali wopepuka kwa zitsulo zonse zija, moti bampu iliyonse inkafika kumwala yonse yathunthu. ADailesi anagwira denga n’kukuwa kuti, “Iwe, ukufuna kundigwetsa mano otsalawa?” Ndinachepetsa liwiro koma sizinathandize. Kenaka pa kamlatho kena tinamva kumbuyo kuti gu! n’kutsatira kaphokoso kakang’ono kouma.

Chingwe chinali chitamasuka, mwala unagunda chitsulo cha m’mbali, ndipo ngodya ya pamwamba inabenthuka. Chidutswa chake chinali ngati chikhatho cha mwana. Ndinkayembekeza kuti aDailesi andilalatira, koma anangochitola, n’kuchimanga pa nsonga ya chitenje. Njira yoipitsitsa inali idakali kutsogolo, ndi mitsinje iwiri ya mchenga. Kupitirira, mwala ukasweka pakati. Kubwerera, mvula itipeza tisanakonze ulendo wina. Ndinakhala pa bampala, mutu uli m’manja.

Pafupi ndi msewu panali amayi atatu akusenda mtedza pansi pa mtengo wa mango. Mmodzi, wamtali, wa mpango wofiira, anabwera akukutumula chitenje.

“Yafa, abambo?”

Ndinati ayi, siinafe. Anasuzumira kumbuyo, n’kuwerenga dzina lanu pang’onopang’ono, milomo ikuyenda.

“Ndi amayi anu awa? Ndiye mwawagoneka pachitsulo? Ife mbiya ya dothi sitiikweza pangolo popanda makoko, nanji mayi wobereka!”

Sanadikire yankho langa. Anaitana anzawo, ndipo anayamba kuthira makoko a mtedza m’matumba, osadzaza kwambiri kuti akhale ofewa. Anaitananso amuna awo amene ankafolera nkhokwe. Panthawiyo ine ndinaimbira foni aSakala. Anandimvetsera mpaka kumapeto, ndipo ndinamva kuti akudziletsa kuseka.

“Pepani, aphunzitsi. Tsopano mverani sipanala. Phwetsani matayala pang’ono, afewe. Ikani katundu wina wolemera kuti zitsulozo zigwire ntchito. Mwalawo musaugoneke, uimikeni cham’mbali. Ndipo muziyenda ngati mukuperekeza mkwatibwi.”

Tinachita zomwezo. Amuna aja anatithandiza kudzaza matumba asanu ndi mchenga wa pamtsinje, umene tinkaufunabe pomangira. Mwala tinauimika pakati pa matumba a makoko, pansi makoko, uku ndi uku makoko, n’kumanganso chingwe mwamphamvu. Galimoto inakhala pansi bwinobwino ngati mmene inkakhalira kale. ADailesi anawasiyira amayi aja shuga ndi buledi zimene tinanyamula. Wa mpango wofiira uja anatiperekeza ndi mawu akuti, “Mukafika mukawauze kuti agonera mtedza wa kwathu, wosankha!”

Kuchokera pamenepo tinayenda pa giya yaing’ono. ADailesi anakana kukhala kutsogolo. Anakwera kumbuyo, n’kukhala pa thumba la mchenga, dzanja limodzi lili pamwala, akuimba nyimbo za ku tchalitchi chapansipansi. Bambo wina wa njinga, atanyamula mbuzi pa kaliyala, anatipitirira kawiri konse, ndipo kachiwiriko anafunsa ngati tikufuna kukokedwa. Pa mtsinje woyamba ndinatsika kukatembenuza mahabu. Chitsulo chake chasalala pamene zala zanu zinkagwira, ndipo ndinachedwapo pang’ono kuposa mmene ntchitoyo imafunira. Galimoto inawoloka mchenga wonse osajejema, injini ikungoguguda mofatsa. Ulendo umene timayenda maola atatu unatitengera tsiku lonse.

Tinapeza atsibweni atakhala pakhonde, akutchera khutu kumsewu. Titatsitsa mwala anaupapasa ndi manja onse awiri, ndipo zala zawo zinaima pa ngodya ija. Sindinadikire kufunsidwa. Ndinafotokoza zonse, za ku Sinda, za kuuma mutu kwanga. Iwo anangofunsa kuti, “Dzina lilipo lonse?” ADailesi anagwira chala chawo n’kuchiyendetsa pa chilembo chilichonse, kuyambira choyamba mpaka chomaliza. Atsibweni anagwedeza mutu. “Mlongo wanga anali ndi chipsera cha khasu pamwendo, ndipo palibe anamubweza. Kauimikeni.”

Lolemba m’mawa tinalowa kumanda, atsibweni ali patsogolo, atagwira phewa langa. Anaima pa mtumbira wanu n’kugunda pansi ndi ndodo, ndipo amisiri anakumba pomwepo. Pofika masana mwala unali utaima. Ngodya yobenthukayo ikuoneka, ili pamwamba kudzanja lamanja. Mmisiri anati angathe kuimata ndi simenti yakuda, koma aDailesi anakana, ndipo chidutswa chija akanabe kundipatsa. Akuti achisunga m’chikwama cha ku tchalitchi kuti azindionetsa tsiku lililonse limene ndidzayambe kudziwa zinthu kuposa eni ntchito.

Sabata ya mawa ndibwerera ku Sinda kuti aSakala akachotse zitsulo zowonjezera zija. Ndikudziwa kuti akaitana anzawo onse a pagalaja kuti adzaone mphunzitsi akubweza homuweki, ndipo ndikapirira. Ndikulonjeza kuti tikakolola ndidzabwera ndi ana onse, galimoto itadzaza. Sindidzawalozera, Amayi. Ndidzaima kumbuyo, ndiwasiye alowe okha pakati pa mitengo, mpaka mmodzi adzakuwe kuti, “Agogo ali apa!”

Gonani bwino. Timakukondani tsiku ndi tsiku.

Ndine mwana wanu,
Yosefe