Umboni Wanga Wagwa, Achimwene

Chezi, Dowa
14 Ogasiti 2024

Okondedwa achimwene a Benjamini,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno kumudzi mphepo yatipha, koma tonse tikudzuka.

Achimwene, tchuthi munapempha ku ntchito chija kabwezeni. Mwambo wolandira digiri uchitika ndithu, koma dzina langa mulibemo.

Paja mumandiseka kuti ndimaphunzira zaufiti, ndiye lero mumve. Mu pulogalamu ya kompyuta mumakhala kachigawo kosunga nambala yake mobisa, n'kumaisintha. Ntchito yanga inali kutsimikiza ndi masamu kuti, malamulo a chinenero cha kompyutacho akatsatidwa, zigawo zinazo sizingaione nambalayo isanakonzeke. Mpaka maso anawa anayamba kufuna magalasi chifukwa cha umboni umenewu.

Sabata yatha ondiyesa, a Dokotala Iness Kamphinda, anandiimbira foni ndili pachigayo. Anati, "Loyce, nanga kachigawo kako kakaitana kanzake kali mkati mosintha nambala, kanzakeko n'kubwerera kudzafunsa nambala yomweyo, kapeza chiyani?"

Yankho ndinaliona pomwepo. Kapeza nambala yosakonzeka, yakale ayi, yatsopano ayi. Mayo ine! Kwathu kuno ngakhale mwana amayamba waodira, n'kudikira pakhomo mpaka wam'nyumba amalize kuvala. Ine ndinalemba masamu onse ngati kuti pulogalamu nayo ili ndi ulemu umenewo. Sindinalembe lamulo loletsa kulowa, poti m'mutu mwangamu munalibe n'komwe zoti wina angangolowa.

Ndayesa kuzigamba, zakanika. Ndikatseka khomo limenelo, malamulo anga akukananso mapulogalamu abwinobwino. A Dokotala akuti n'zotheka kuyambiranso, koma nthawi imene anandipatsa a sukulu yatha, ndipo sawonjezera. Mtima wanga wafooka, achimwene. Kompyuta ndaiika m'chikwama, sindikufuna n'kuiona komwe.

Alamu ndi ana muwapatse moni. Enoki wanu munamusiya kuno uja wakula, akukusa yekha mbuzi. Amayi akuti moni wambiri. Auza kale amayi onse a Mvano kuti mwana wawo wamaliza, ndipo dzulo amayeserera nthungululu kuseri kwa khola. Akuti muwagulire nsapato zoyera zoti adzavale pa tsikulo, zachidendene chachifupi chifukwa cha bondo lija. Ndinawayeza phazi ndi ulusi ndekha, ndauika m'kalata muno.

Sindinawauze. Nsapatozo ingogulani.

Ndine mlongo wanu,
Loyce