Bodza Langa pa Fomu ya Mfuti

Amayi anga, kukucha bwanji kumene muliko?

Kuno ku Wigston tilipo. Kuzizira kwayambanso, ndipo bondo langa lija layamba kale kudandaula ndikamakwera basi ya m'mawa. Ndiyambe ndi zabwino, poti inu simunkafuna munthu wofika pakhomo n'kuyamba madandaulo asanapereke moni. Mlamu wanga, mkazi wa mchimwene wanga Yohane, wachira ku Ntcheu. Ndi mwana wamkazi, ndipo amutcha dzina lanu. Pa chithunzi chimene atumiza pa foni, mphuno ndi yanu ndithu. Tadala wanga wayamba koleji ku Leicester konkuno. Chichewa amamva chonse, makamaka tikamamunena, koma kuyankha ndi Chingerezi basi. Maungu kuseri kwa nyumba anabereka awiri okha, koma poti dzuwa chaka chino linatentha ngati la kwathu, nkhwani tadya mpaka kugawirako azimayi a kutchalitchi ku Evington.

Tsopano khalani pansi, chifukwa nkhani iyi mukanagwira nayo pakamwa. Mwana wanu ndimawombera mfuti. Ee, ine Esinati yemwe, amene ndinkathawira kuseri mukamazinga nkhuku.

Anandiyambitsa ndi Pauline, nesi mnzanga wachizungu wa pa wodi yathu. Nditabwerako ku maliro anu, zaka ziwiri zapitazo, ndinali ngati thumba lopanda kanthu. Ntchito ndinkagwira, koma tulo kunalibe, chakudya osakoma. Pauline anandiyang'ana tsiku lina n'kunena kuti, "Loweruka sukhala m'nyumba. Ndidzakutenga." Anandipititsa ku kalabu ina kunja kwa tauni, pakati pa minda.

Musaganize za asilikali kapena achifwamba. Kuno malamulo a mfuti ndi okhwima. Zam'manja zija n'zoletsedwa, zikuluzikulu zothamanga nazonso ayi. Imene timagwiritsa ntchito ndi yaing'ono, ya tizipolopolo tosaposa nsonga ya chala. Ukakoka kamodzi chimatuluka chimodzi, china n'kulowa chokha. Kutsogolo kumakhala mapepala ojambulidwa mizere yozungulira. Belu likalira amatembenuka kukuyang'ana, ndipo uyenera kuwombera khumi asanakufulatire. Pha pha pha, zatha. Amayi, pa kanthawi kameneko m'mutu simukhala china chilichonse. Kumeneko ndi kumene ndinayamba kutha mphindi zingapo osaona bokosi lanu likutsika m'manda.

Woyang'anira malowo ndi a Derek, nkhalamba ya ndevu zoyera, ndipo mukanagwirizana nawo. Sasekerera. Mfuti siloza munthu, ngakhale ikhale yopanda kanthu. Chala sichifika pokokera usanauzidwe. Ukamaliza, umatsegula mfuti, iwo n'kusuzumira okha, kenako n'kulowetsamo kapulasitiki kachikasu kuti aliyense aone kuti mulibe chipolopolo. Tsiku lina ndinachita matama. Ndinati, "Mulibe, ndawerenga zonse." Anandiyankha kuti, "Sindinafunse zimene wawerenga. Ndionetse." Ndinaseka ndekha, pokumbukira inu tikamachokera kosamba m'manja: "Usandiuze, tambasula manjawo ndione."

Patatha chaka ndikubwereka mfuti za kalabu, ndinafuna yangayanga. Apa ndi pamene pali nkhani. Pamafunika chilolezo cha apolisi, anthu awiri okuchitira umboni, ndi kabati yachitsulo yokhomera kukhoma. Bambo a Tadala anaikhoma okha, akung'ung'udza kuti, "Akazi a anzanga akufuna makina osokera, wanga akufuna mfuti." Koma anaikhoma bwino, n'kuigwedeza kawiri kuti aone ngati yalimba.

Pa fomu ya apolisiyo panali funso lakuti kodi unavutikapo maganizo mpaka kulandira mankhwala. Ndinalemba kuti ayi. Linali bodza, Amayi. Inu mutapita, dokotala anandipatsa mapiritsi, ndipo ndinamwa miyezi isanu ndi itatu. Ndinkawasunga m'chikwama cha kuntchito n'kumamwera kuchipatala, moti ngakhale bambo a Tadala sanadziwe. Mumtima ndinkati chisoni cha maliro si matenda, aliyense amalira. Komanso mukudziwa mmene timachitira anthu a kwathu. Angomva zoti uje akumwa mankhwala a maganizo, pofika Lamlungu tchalitchi chonse chikuti wazungulira mutu. Tangoganizani, ine nesi wathunthu, amene tsiku ndi tsiku ndimauza odwala kuti asachite manyazi.

Lachitatu lina masana kunabwera wapolisi woona za zilolezo, mayi wofatsa, wovala zovala wamba. Anayang'ana kabati, anakhala pansi, ndinamupatsa tiyi. Anapempha kuti bambo a Tadala akhalepo, poti amafunsanso okhala nawo m'nyumba. Kenako anatulutsa fomu yanga nati, "Tidutsemo limodzi. Ngati pali chofuna kukonza, nthawi yake ndi ino."

Ndinali nditamva kale kuti apolisi amalembera dokotala wako. Kunama pa fomu imeneyo ndi mlandu, ndipo mlandu ukafika kwa amene amatilola kugwira unesi, ntchito ikhoza kutha, ntchito imene inu munaivutikira pogulitsa mandasi. Koma ndinene zoona, ntchito sindinaiope kwambiri. Ndinkaopa munthu amene anakhala pambali panga, akumwa tiyi wake mosadziwa kanthu.

Chala cha wapolisi chinatsika mzere ndi mzere mpaka chinafika pa funso lija. Sindinadikire kuti aliwerenge. Ndinati, "Pamenepo ndinanama." Ndinanena zonse, dzina la mankhwala, mwezi umene ndinayamba ndi umene ndinasiya. Maso anga anali pa kapu.

Wapolisiyo analemba, kenako anati ndachita bwino kunena ndekha. Anafotokoza kuti kudwala pakokha sikumanitsa munthu chilolezo, chimene chimawadetsa nkhawa ndi kubisa. Anati fomuyo ndiibweze, papite nthawi, ndidzalembe ina yoona pamodzi ndi kalata ya dokotala, ndipo akulu ake ndi amene adzagamule. Anatinso ndikawauze a kukalabu. Ndinaimbira a Derek tsiku lomwelo, iwo anangoti, "Chabwino, wandionetsa. Ubwere Loweruka."

Chitseko chitatsekedwa, bambo a Tadala anaima pakati pa balaza. Sanakalipe, bwenzi zili bwino akanakalipa. Anati, "Miyezi isanu ndi itatu, nyumba imodzi, bedi limodzi. Munandiona ngati mlendo, mayi a Tadala?" Lachinayi ndi Lachisanu tinkangopatsana moni ngati anthu okumana pa siteji ya basi. Ankadya, kuthokoza, n'kunyamuka. Zinandipweteka kuposa zonse, ndipo ndinadziwa kuti wolakwa ndine. Zaka makumi awiri za banja, ine n'kumubisira mwamuna wanga misozi.

Loweruka ndinati sindipita kukalabu. Ndili kukhitchini ndinamva makiyi akulira m'manja mwa bambo a Tadala. "Valani jekete, mukuchedwa." Munthu woti phokoso amadana nalo, ngakhale wailesi amaitsitsa. Tinayenda pa galimoto mpaka kudutsa nyumba zomaliza. Kenako anapatukira m'mbali mwa msewu, pafupi ndi munda wa nkhosa, n'kuzimitsa injini. Anati, "Yambirani pamene munatsika ndege kuchokera kumaliro. Musadumphe kanthu."

Ndinawauza, Amayi. Za m'mawa umene ndinalephera kumanga zingwe za nsapato n'kungokhala pansi kulira. Za foni yanu imene ndinkaimbabe ndikudziwa kuti simuyankha. Za mlandu umene ndinkadziimba, wosamalira amayi a eni kuno pamene anga ankadwala ndi kumwalira ine kulibe. Anamvetsera osandidula. Nditamaliza anapukuta m'maso ndi chikhatho nati, "Inenso ndinaona kuti simuli bwino, koma ndinaopa kufunsa. Tonse talakwa." Anandigwira dzanja, n'kulizanso galimoto.

Tinafika mochedwa. Anakhala pa benchi kumbuyo atavala zotseka m'makutu, akudzidzimuka ndi kulira kulikonse kwa mfuti. Tsiku limenelo ndinawombera zamanyazi, pa khumi zinalowa pakati zitatu zokha, poti maso anali otupa. Koma nditatsegula mfuti kuti a Derek asuzumire, ndinamva mawu kumbuyo, okweza chifukwa mwini wake sankadzimva: "Ameneyo ndi mkazi wanga!" Anthu onse anatembenuka. Ndinachita manyazi, koma mtima unali mbee.

Chilolezo sindikudziwa ngati ndidzachipeza, ndipo sizikundisowetsa tulo. Ndikuthokoza Pauline amene anandikoka m'nyumba, ndikuthokoza wapolisi uja pondipatsa mpata wonena ndekha. Ndikuthokoza Mulungu chifukwa cha mkamwini wanu. Ndikuthokozanso inu, chifukwa pakamwa panga panakana kubwereza bodza lija, ndipo ndikudziwa amene anandilera chotero.

Chaka chamawa tikubwera tonse awiri kudzamanga chiliza chanu. Koma pali china chimene sindidikira nacho chaka chamawa. Mawu a Yohane pa foni sakundisangalatsa. Mwana wabadwa, koma iye akuseka mwaulesi, ndipo ndikafunsa amangoti, "Tili bwino, achemwali." Mawu amenewo ndikuwadziwa, ndinawanena miyezi isanu ndi itatu. Iye ndi amene anakunyamulani kupita nanu kuchipatala, ndipo palibe anamufunsapo kuti zikumuyendera bwanji. Ndikulonjeza kuti mawa tikaweruka kutchalitchi ndimuimbira. Ndiyamba ndine kumuuza zanga zonse, ndipo sindidula foni mpaka nayenso atalankhula.

Gonani bwino, Amayi. Ndimakukondani, ndipo ndakusowani.

Ndine mwana wanu,
Esinati