Zinsinsi Ziwiri za Pamphasa

Loweruka, 7 Juni
Kalasi yosinkhasinkha ya odwala BP, kuholo ya tchalitchi. Ine Jemima, amene Kawale yense amanditcha Wailesi, ndi amene ndikuphunzitsa anthu kukhala chete! Kumaphunziro anatilumbiritsa kuti zimene wophunzira wakuuza zimathera m'khutu mwako.

Titaweruka, Abambo Malizani, atelala aja akazi awo anamwalira, anatsalira ngati akupinda mphasa. Akuti, "Aphunzitsi, ndikatsinzina ine ndimangoona Amayi Kettie a m'kalasi mwathu muno. Musauze munthu."

Lachiwiri, 10 Juni
Lilime likuyabwa. Ndauza nkhuku zanga.

Loweruka, 14 Juni
Mayo ine! Amayi Kettie, amasiye ogulitsa tomato kumsika wa Chilinde, andikokera kuseri kwa holo. "BP yangatu ili bwinobwino. Ine ndimabwerera a Malizani, koma sandiyang'ana n'komwe. Mukaulula, simudzandionanso kuno."

Akuyang'anani bwanji, mayi? Amene ndimawauza kuti atsinzine ndine!

Lachinayi, 19 Juni
Ndakumana ndi a Malizani pasiteji ya minibasi. Akuti mwezi ukatha anyamula makina awo kubwerera kwawo ku Ntchisi, m'tauni alibe chowatsalitsa. Mawu anafika pakhosi penipeni. Ndinaluma mlomo n'kuwafunsa za mtengo wa zipi. Zandipweteka kwambiri. Mphunzitsi ndine, koma BP yakwera ndi yanga.

Loweruka, 21 Juni
Sindinaulule kanthu. Ndangosuntha mphasa basi. Ndalengeza njira yatsopano: awiriawiri, moyang'anizana, maso otsegula, mphindi khumi osayankhula. Kumaphunziro kuja kunalibe zimenezi, Mulungu andikhululukire.

A Malizani thukuta kamukamu, ndi kuzizira kwa Juni konseku. Amayi Kettie maso pansi, kumwetulira ngati mtsikana wa Fomu 2. Belu ndinachedwetsa dala kuliza.

Loweruka, 28 Juni
Mphasa ziwiri zopanda anthu. Ndinati basi, ndawachititsa manyazi, athawa.

Titaweruka ndawapeza kuseri kwa holo, pansi pa mtengo wa mango, akugawana mbatata imodzi yootcha. A Malizani akuti ulendo wa ku Ntchisi walephereka.

"Aphunzitsi, oyamba kudziwa ndinu," anatero Amayi Kettie. "Timakudalirani. Koma musauze munthu mpaka ankhoswe akumane mu Okutobala."

Okutobala!

Ndikupita kukhola la nkhuku.