Crispin Wabwera ndi Tepi ku Phiri

Okondedwa achimwene a Dickson,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Thyolo tilipo, tiyi tikuthyolabe.

Loweruka mwana wanu Crispin anabwera ndi anzake a ku Blantyre kudzakwera phiri la kumudzi kwathu kwakale. Anavala nsapato zodula, koma pakati pa njira anali kale wefuwefu, ine wa patapata ndikuwadikira. Pamwamba ankajambula tchalitchi chogumuka chija, Crispin akudzitama kuti, "Anamanga ndi agogo anga." Dzina la agogowo anachita kundifunsa monong'ona.

Kenako iye ndi bambo wina anatulutsa tepi n'kuyamba kuyeza malo, mpaka pamanda a amayi. Nditafunsa anangoti, "Azakhali, musadandaule, adadi akudziwa."

Kodi mukudziwadi, achimwene?

Ndine mlongo wanu,
Lestina