Ndasiya kumujambula, iye akuti ndi chifukwa cha mano

Aphungu,

Ndine mayi wa mwana mmodzi, ndipo ndimaluka tsitsi m'kasaluni kanga. Makasitomala ambiri amandipeza pa masamba a mchezo. Ndikaphunzira kalukidwe katsopano ndimayesera pamutu pa mwana wanga wamkazi, wa zaka zisanu ndi ziwiri. M'mawa akavala yunifolomu ndinkamujambula pakhomo pa saluni, n'kuika chithunzicho pa masambapo, n'kulemba kuti, "Kambalame wanga wauyamba wa kusukulu." Dzina limeneli ndi la m'nyumba, ngakhale aphunzitsi salidziwa.

Sabata yatha bambo wina anafika pageti ana akuweruka. Anati, "Kambalame, amayi ako atanganidwa ndi kasitomala, andituma ndidzakutenge." Mwanayo anali atamugwira kale dzanja. Mwamwayi aphunzitsi anati ayambe andiimbira. Bamboyo anati akukagula madzi, sanabwerenso.

Ndinafufuta zithunzi zonse, koma mwanayo sindinamuuze chifukwa, kuopa kumuopseza. Dzulo ndikumupesa anandifunsa, "Amama, mwasiya kundijambula chifukwa ndaguluka mano?" Ndinalowa kuseri kwa katani n'kukalira. Makasitomala nawonso ayamba kuchepa. Nditani kuti mwana wanga asadzione wonyansa, komanso asapezedwenso?

N.K., wa saluni ya pafupi ndi depoti

Amake Kambalame,

Pumani kaye, mwana wanu wagona m'nyumba. Aphunzitsi aja mukawaluke mwaulere mpaka adzapume pantchito.

Tsopano ndikukalipireni pang'ono. Bambo uja sanavutike n'kufufuza. Baji ya sukulu inali pachifuwa, chikwangwani cha saluni kumbuyo, nthawi yonyamuka pansi pa chithunzi, dzina la m'nyumba munamuikira basela. Munangotsala kumulipirira basi. Simunalakwe kunyadira mwana wanu, mwangonyadira pamaso pa anthu amene simuwadziwa.

Kanenereni kupolisi, chifukwa pageti paja pamadutsanso ana a anzanu. Kusukulu siyani maina a anthu ololedwa kumutenga. Achibale amene anagawa zithunzizo kwa anzawo muwapemphe afufute. Ndiye inu ndi mwanayo musankhe liwu lachinsinsi, loseketsa, loti wotumidwa aliyense alitchule. Akabwera wosalidziwa, ngakhale atamwetulira ngati wotsatsa mankhwala otsukira mano, mwana athamangire kwa aphunzitsi.

Za bizinesi musadandaule. Mumagulitsa malukidwe, ndipo mmene ndinaonera komaliza, tsitsi limamera kumbuyo kwa mutu. Jambulani chankhongo, pakhoma lopanda chikwangwani, popanda yunifolomu, popanda dzina, ndipo muziika chithunzi tsiku lina, osati nthawi yomweyo. Ana a makasitomala anu muwachitirenso chimodzimodzi.

Koma chachikulu ndi funso lake lija. Mukakhala chete, mwana amadzipezera yekha yankho, ndipo nthawi zambiri amadziimba mlandu. Muuzeni zoona m'mawu a msinkhu wake: bambo uja ananama, ndipo dzina lake analiona pafoni. Kenako mujambuleni akuseka, mpata wa mano uli poyera, mukatsukitse chithunzicho n'kuchipachika pamwamba pa bedi lake. Mumuuze kuti, "Nkhongo ndi ya makasitomala, nkhope iyi ndi yanga."

Chenjezo langa ndi ili: dzina la Kambalame latuluka panja, silingakhalenso chizindikiro chakuti munthu ndi wa kwanu. Mupatseni lina, mumunong'oneze pomupesa. Limenelo musalilembe paliponse, ngakhale kwa ine.

Aphungu