Amalume Atopa ndi Kuuzidwa Kuti Achira

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino. Nanga bondo lija likukulolani kuyenda tsopano? Ine kuno ndili bwino, kungoti kuntchito kwathu kwadzaza anthu oopa kusintha ngakhale malo a tebulo. Ukapereka maganizo pamsonkhano amati tidzaona chaka chamawa. Sindinavutike ndi sukulu kuti ndizidikira chaka chamawa, ndipo pamenepa sindikhalitsapo.

Koma ndalemba chifukwa cha amalume. Pafoni mawu amandithawa. Khansa ija yafika kuchiwindi, ndipo adokotala akuti chomwe chatsala n'kuchepetsa ululu basi. Anawasamutsira kuchipinda chakumapeto, bedi lawo lili pazenera loyang'ana komwe amayanika nsalu zachipatala.

Ine sindinavomere msanga. Ndinazungulira maofesi, ndinafufuza zipatala zina, ndinakangana ndi anamwino aakulu pa nkhani ya mankhwala ochedwa. Amalume anayamba kunditcha Anduna a Zaumoyo, ati ndikangolowa m'chipindamo ngakhale ntchentche zimaima pamzere.

Nthawi yoona odwala kumabwera magulu a mapemphero. Amazungulira bedi, kuwagwira pamutu, kufuula kuti matenda achoke, kenako n'kuwauza kuti sabata yamawa adzakhala akuyenda okha. Ndi anthu abwino, sindikuwanyoza. Koma akangotuluka, amalume amatembenukira kukhoma mpaka dzuwa kupendeka. Ndinakapempha kwa oyang'anira kuti wodwala azifunsidwa kaye asanapemphereredwe. Anati akambirana. Mpaka lero akukambiranabe.

Pachipatalapa palinso abusa, mayi ofatsa amene ntchito yawo ndi kuyendera odwala kwambiri. Iwo amabwera okha, amakoka mpando, n'kufunsa kuti lero mtima uli pati. Tsiku lina amapemphera motsitsa mawu, tsiku lina amangomvetsera. Kunena zoona, ndinkaona ngati akutaya nthawi.

Lachitatu ndinawapeza awiriwa akuseka. Ankasankha nyimbo zodzaimba pamaliro, amalume akukana zonse zokoka, ati anthu angagone iwo asanafike n'kumanda komwe. Ndinafuna kuidula nkhaniyo, koma amalume anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Anduna, takhalani pansi. Ine ndikupita, ndikudziwa. Chikundilemera n'chakuti aliyense akuti ndichira, ndiye ndikusowa womutsanzika."

Ndinakhala pansi, Amayi. Anayankhula nthawi yaitali. Anati akagona amaganiza za zaka zija anasiya kupita kutchalitchi, ndipo sadziwa ngati Mulungu akuwawerengabe. Abusa sanawadzudzule, sanathamangirenso kuwatonthoza. Anawasiya amalize, kenako anafunsa ngati angakonde kulandira mgonero. Amalume anayankha kuti akuufuna, koma mlongo wawo ali pambali pawo, chifukwa ndi inu amene simunaleke kuwapempherera iwo akukusekani.

Pempho langa ndi limeneli. Bwerani sabata ino, musadikire kutha kwa mwezi. Ndidzakuchingamirani potsikira basi. Ndikukudziwani, mukangolowa mudzafuna kunena kuti achimwene limbani mtima, muchira. Chonde mawu amenewo muwasiye pakhomo. Mudzangokhala pampandopo, muwalole anene zonse zomwe akusungirani. Mukafuna kulira mudzalire, iwo akuti misozi siiwaopsa.

Mundiperekere moni kwa abambo, kwa achemwali ndi alamu, ndi kwa mng'ono wanga amene sayankha mauthenga. Azakhali muwauze nokha, pang'onopang'ono, mtima wawo mukuudziwa.

Abusa akuti mgonero audikiritsa mpaka mufike. Koma amalume akugona kwambiri masiku ano, ndipo m'mawa ndi pamene amazindikira bwino anthu. Mukwere basi yoyamba.

Tsalani mu mtendere,
ndine mwana wanu wachiwiri.