Buku Lake Liti, Aprofesa?

Lachiwiri, 15 Ogasiti

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani muli bwino, ndiponso kuti bondo lija lasiya kukuvutani mukamakwera masitepe a kuchipatala kwanuko. Kuno tilipo. Alamu anu ali bwino, akungodandaula za denga la kukhitchini limene ndakhala ndikulonjeza kukonza kuyambira chaka chatha. Ku laibulale ntchito ndi yomwe ija: kudinda mabuku, kupukuta fumbi, ndi kudzutsa anthu amene amabwera kudzagona pa nyuzipepala.

Mu envelopu muno mupezamo ina yaing'ono, yofiirira chifukwa cha kukalamba. Chonde musaitsegule musanamalize kuwerenga yangayi. Mukundidziwa kuti ndine munthu wozungulira, koma ulendo uno kuzungulirako kuli ndi chifukwa.

M'kalata yanu yomaliza munafunsa kuti kodi ine ndi Chipewa timachita chiyani kwenikweni Loweruka masana, poti mwamva kuti anthu ayamba kudzaza. Chipewa mukumukumbukira, mnzanga wa kusukulu uja, wokonza mawotchi, amene katebulo kake kali pakhonde pa sitolo ya nsalu. Mpaka lero chipewa chake chakuda chija sachivula, kaya kwatentha kaya kwazizira, ndipo mpaka lero ine amanditchula kuti Aprofesa chifukwa choti akandifunsa nthawi ndimayamba kufotokoza mbiri ya wotchi.

Zimayenda chonchi. Kuseri kwa laibulale kuli chipinda chimene timasungiramo magazini akale ndi mashelefu othyoka. Timaika mipando iwiri kutsogolo, anthu nkukhala pa mabenchi. Sitilemba kanthu, sitikonzekera kanthu. Wina mwa oonera amatchula chinthu chimodzi cha masiku onse, kaya loko, kaya nsapato, kaya mzere wa pa basi, ndiye ife timayamba kucheza ngati anthu awiri amene angokumana pamsewu. Lamulo lake ndi limodzi lokha: chimene mnzako wanena, sumakana. Akati, "Ndamva kuti mwagula mbuzi," iwe sunganene kuti ulibe mbuzi. Umavomera, nkuwonjezerapo kako. Ukangokana, macheza amazima pomwepo ngati moto wothiridwa madzi.

Ndikupatseni chitsanzo. Mwezi watha mayi wina wosoka zovala, amene amakhala benchi lakutsogolo nthawi zonse, anatchula ambulera. Chipewa anandiyang'ana nkunena kuti, "Aprofesa, ambulera yanga munabwereka ija ikukula bwanji?"

Ine ndinati, "Yakula ndithu, amwene. Chaka chamawa iyamba sukulu."

"Imandifunsa?"

"Mvula ikamagwa imayang'ana kukhomo."

"Mukaiuze kuti bambo ake akunyowa kuno."

Anthu anaseka mpaka mlonda anabwera kudzasuzumira. Ndakhala ndikudzifunsa kuti kodi chimawaseketsa nchiyani, pakuti ambulera si nkhani. Ndikuganiza kuti anthu saseka bodza lalikulu, amaseka chimene akuchidziwa kale. Aliyense pa mabenchi pamenepo ali ndi chinthu kunyumba kwake chimene si chake. Ine ndinkanena zimenezi kwa ena monyadira, osadziwa kuti ndikudzinena ndekha.

Loweruka lapitali, bambo wina wa kumbuyo anafuula kuti, "Kalata!" Kawirikawiri Chipewa sachedwa kuyamba, koma tsiku limeneli anayamba wasisita kaye mlomo wa chipewa chake. Kenaka anati, "Aprofesa, inu mwawerenga mabuku ambiri. Kodi kalata imatenga nthawi yaitali bwanji kuti iyankhidwe?"

Ndinati, "Zimatengera mtunda, amwene."

"Mtunda wake ndi wochokera pakhonde panga kukafika kunyumba kwanu. Mphindi khumi wapansi. Ndipo ndinapatsira munthu wodalirika."

"Ndani ameneyo?"

"Inuyo. Kalata yopita kwa achemwali anu. Zaka khumi ndi zinayi ndikudikira yankho, ndipo mawotchi onse amene ndakonza akugwirizana pa chiwerengero chimenechi."

Anthu anayamba kuseka. Kukana sindikanatha, chifukwa ndi lamulo limene ndimaphunzitsa ine ndemwe. Ndikanatha kupeka kuti kalatayo inadyedwa ndi mbuzi, kapena inauluka ndi mphepo. Koma macheza osakonzekera ali ndi vuto lake: pakamwa pamathamanga kuposa mutu, ndipo chimene chili pafupi ndi chimene chimatuluka. Ndinangodzimva ndikunena kuti, "Kalatayo ili bwinobwino. Ndinaiika m'buku kuti isakwinyike."

"Ohoo. Ndiye ikuwerenga?"

"Kwambiri. Yatsala pang'ono kumaliza digiri."

Chipinda chonse chinaphulika. Chipewa anadikira kuti phokoso litsike, monga amachitira nthawi zonse, nkufunsa kuti, "Nanga achemwali anuwo anati chiyani?"

"Sanakane."

"Sanavomerenso."

"Sanafunsidwe," ndinatero.

Mayi wosoka uja ankapukuta misozi ndi mpango. Ndiye Chipewa anachita chinthu chimene sindinamuonepo akuchita pamaso pa anthu. Anavula chipewa, nkuyang'ana m'kati mwake kanthawi ngati mwagwera kasikulu ka wotchi, nkuchivalanso. Anati, "Ndiye kuti zaka zonsezi ndakhala ndikukwiyira munthu wosalakwa, pomwe wolakwa ndimamugawira tiyi wa m'fulasiki mwanga." Anthu anaomba m'manja ataimirira. Ena amati sitinachitepo bwino chonchi.

Achemwali, si nthabwala ayi. Sabata imene munkanyamuka kupita ku ntchito yanu ya unamwino, Chipewa anandipatsa kalata kuti ndikupatseni. Ankachita manyazi kukupatsani yekha, poti mukamadutsa pakhonde paja lilime lake linkauma. Ndinati ndipereka. M'mawa mwake atandifunsa ndinati ndapereka. Inu munakwera basi Lachisanu osadziwa kanthu, iye nkumadikira.

Mufunsa kuti ndinachitiranji zimenezi. Kwa zaka zambiri ndinkadziuza kuti ndinakuchitirani zabwino, kuti inu munali wophunzira, muli ndi ulendo patsogolo, pomwe iye anasiya sukulu panjira nkukhala pa katebulo ndi timasikulu take. Koma masiku atatu apitawa ndaifufuza nkhaniyi monga ndimafufuzira buku lotayika, shelefu ndi shelefu, ndipo chimene ndapeza si chokongola. Ndinkaopa. Mukanavomera, iye akanakutsatirani kumeneko, chifukwa mawotchi amawonongeka kulikonse. Mukanakana, akanasiya kubwera kwathu chifukwa cha manyazi. Njira zonse ziwiri ine ndikanatsala wopanda mnzanga. Ndiye ndinakana m'malo mwanu, mwakachetechete, ine amene ndimauza anthu Loweruka lililonse kuti mnzako sumukana.

Patapita zaka ziwiri munakwatiwa, ndipo ndinati nkhani yatha yokha. Amuna anu atamwalira zaka zitatu zapitazo ndinaikumbukira kalatayo, ndinafika mpaka pogwira bukulo, koma ndinati ino si nthawi yake. Kwa munthu wamantha nthawi yake siifika.

Pali chinthu chimodzi chimene chikundizunguza mutu. Kodi Chipewa ankadziwa? Kodi anadikira dala tsiku limene wina adzatchule kalata, podziwa kuti pampando umenewo sindingakane? Kapena anangotenga bala lake lakale kuti aseketse nalo anthu, ine nkugwera m'dzenje limene iye sanakumbe? Ndabwereza nkhope yake m'maganizo kambirimbiri. Pamene ndinati "sanafunsidwe", chikope chake chinagwedera pang'ono, koma chimagwederanso akamaona wotchi yotchipa. Takhala moyang'anizana zaka zonsezi, ndimadziwa pamene apumire mpweya asanaponye nthabwala, koma apa ndalephera kumuwerenga.

Anthu atatuluka tinayamba kusanja mabenchi monga mwa masiku onse, iye mbali iyi, ine mbali iyo. Titafika pakhomo anaima nkufunsa, osaseka, "Buku lake liti, Aprofesa?"

Ndinati, "Dikishonale yaikulu ya abambo ija."

Anagwedeza mutu. "Munasankha bwino. Palibe amene amaitsegula." Kenaka anati, "Loweruka likubwerali mudzaike mpando umodzi."

"Mpaka liti, amwene?"

"Mpaka kalata ifike kwa mwini wake."

Nditafika kunyumba ndinaipeza pomwe ndinaisiya, yosakwinyika ndithu. Alamu anu nditawafotokozera anandiyang'ana nthawi yaitali nkunena kuti, "Denga simukonza, kalata simupereka. Bambo, kodi ine munandifunsira nokha kapena munatuma munthu? Chifukwa mukanatuma munthu wonga inu bwenzi ndili kwathu." Ndinafuna kuseka koma anali asakuseka.

Sindinaitsegule. Ndivomere kuti Lamulungu ndinaiyang'anitsa pa dzuwa la pawindo, koma ndinangoona kuti analemba mbali zonse ziwiri, ndipo ndinachita manyazi nkuitsitsa. Zimene zili m'menemo ndi za mnyamata wa zaka makumi awiri ndi zisanu amene kulibenso. Amene alipo pano ali ndi imvi m'mbali mwa chipewa, amavala magalasi awiri akamagwira ntchito, ndipo sanakwatire. Sindikunena kuti nchifukwa cha inu, pakuti ndasiya kuyankhulira anthu.

Pempho langa ndi ili. Muiwerenge, ndipo mumuyankhe. Kaya yankho likhala lotani, ndi lanu, ndipo iye akuti ngakhale litakhala ayi, bola likhale lochokera kwa mwini wake. Musadzere kwa ine. Mulembe kuti wokonza mawotchi, pakhonde pa sitolo ya nsalu, wopereka makalata amamudziwa. Za ine, mukaona kuti mkwiyo wachepa, mundilembere ngakhale mizere iwiri. Mukandikalipira ndilandira, sindikana.

Mupereke moni kwa ana. Muuze wamkuluyo kuti buku la nyenyezi anapempha lija ndalipeza, ndipo limeneli ndiye nditumiza sabata ino ndithu. Alamu anu akupereka moni wambiri, akuti muwakhululukire pokhala ndi mwamuna wotere. Chipewa ndinamufunsa dzulo ngati ndingakuperekereni moni wake. Anati, "Moni wanga musanyamulenso inu."

Ndikulemba zino pa tebulo la ku laibulale, nthawi yopuma masana. Iye watseka katebulo kake, ndipo ndikumuona pawindo ataima panja pa geti, chipewa chili m'manja. Akuti tipitira limodzi ku positi ofesi, ndipo m'bokosi aponya ndi iyeyo.

Ndine mlongo wanu wokukondani, wopempha chikhululukiro,

Aprofesa